Amangondipatsa mbali ya agogo ndi apongozi: kodi ndisiye zisudzo?

Funso lachokera kwa mtsikana wa zaka 24 wa ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba. Wakhala akuchita zisudzo kuyambira ali ku sekondale, ndipo gulu lomwe alimo limasewera m'maholo, m'matchalitchi ndi m'masukulu. Posachedwapa layambanso kujambula timafilimu toika pa YouTube. Dandaulo lake ndi lakuti nthawi zonse amapatsidwa mbali ya agogo, apongozi, namkungwi kapena mayi wa pamsika, pomwe mbali ya mtsikana mwini nkhani imapita kwa ena. Akufunsa ngati mbali zoterezi zili ndi tsogolo, kapena ndi chizindikiro chakuti alibe luso ndipo angosiya.

Achemwali, musasiye. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti mtima ukhale m'malo, koma nkhani yanuyi ili ndi pokoma ndi pofunika kuchenjera, ndiye tiyeni tiikambe mwachifatse.

Ndakhala ndikuphunzitsa ndi kuwongolera masewero kuno ku Zomba kwa zaka zambiri, ndipo nthawi yogawa mbali ikakwana, mtsikana wa m'chikondi sandivuta kupeza. Mutu umandipweteka ndikafika pa agogo ake, pa mfumu, pa mlonda wa pageti, pa mayi wa pamsika amene alankhule kamodzi kokha koma mawu akewo atembenuze nkhani yonse. Mpangankhani wamkulu amanyamulidwa ndi sewero lenilenilo. Wolemba anamupatsa nthawi yaitali pansanja, anamupatsa mavuto oti anthu amumvere chisoni, ndipo akapunthwa m'chigawo choyamba ali ndi mpata wokonza m'chigawo chachitatu. Inu mwayi umenewo mulibe. Mumalowa muli ndi mphindi zisanu kapena khumi, ndipo m'mphindi zimenezo oonerera ayenera kudziwa kuti munthuyu ndi wotani, akufuna chiyani, akuopa chiyani, mpaka akhulupirire kuti anali ndi moyo wake asanalowe pakhomopo ndipo akupita kukaupitiriza akatuluka. Wowongolera wanzeru sapereka ntchito yotere kwa munthu amene akumukayikira. Ngati mtsikana wa zaka 24 akulowa m'holo anthu n'kumuona ngati gogo weniweni, pali luso pamenepo, ndipo ndi luso losowa.

Taganizani za anthu amene Amalawi amawakumbukira ndi chikondi pa nkhani ya zisudzo. John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo a gulu la Kwathu, sanatchuke ndi nkhope zokongola kapena ndi mbali za m'chikondi. Ankasewera anthu wamba, oti mukhoza kukumana nawo pa depoti kapena pabwalo la mfumu. Mphamvu yawo inali m'kumvana: wina akaponya mawu, mnzake ankadziwa nthawi yoyankha ndi nthawi yongomuyang'ana, holo n'kuphulika. Nyanga anatisiya mu 2016, Mabedi mu 2021, koma lero lomwe mukatchula Izeki munthu amayamba kumwetulira musanamalize chiganizo. Kumbukiraninso kuti dziko lino linalibe wailesi yakeyake ya kanema mpaka 1999. Mibadwo yathunthu inakula ikumvera Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino pa MBC, ndipo m'masewero amenewo nkhope inalibe ntchito. Womvera ku Jali kapena ku Mayaka sankadziwa ngati amene akusewera nkhalamba ndi nkhalambadi. Ankangomva mawu, n'kumuona munthuyo m'maganizo. Zisudzo zathu zinaleredwa ndi anthu a luso longa lanuli.

Ndipo muli pamalo abwino, chifukwa mbiri imeneyi ili ndi mizu mu Zomba muno. Chancellor College (Chanco) itasamukira kuno kuchokera ku Blantyre mu 1973, gulu lake la Travelling Theatre linkanyamula masewero kupita nawo m'masukulu ndi m'matauni. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr analimbikitsa kusewera m'Chichewa komanso kupita kumidzi, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito ya masewero a zaumoyo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde. Taganizani ophunzira a msinkhu wanu akusewera mfumu pamaso pa mfumu yeniyeni, akusewera azamba pamaso pa azamba enieni atakhala pamkeka patsogolo pomwepo. Pamalo otere bodza silikhalitsa. Anthu amakuuza pompopompo kuti kwathu kuno sitichita choncho. M'nthawi imeneyonso, pansi pa lamulo la 1968, sewero linkayenera kuonedwa ndi Censorship Board lisanaseweredwe pagulu. Zomwe sizikanatheka kulembedwa papepala zinkadutsira m'kayendedwe, m'kukweza chikope, m'kukhala chete pamalo poyenera, ndipo zotere zimafuna wosewera wodziwa kulankhula ndi thupi lonse, kaya mbali yake ndi yaitali kaya ndi yaifupi.

Kunja nakonso zili choncho, ndipo pali bambo wina amene ntchito yake inamufikitsa mpaka kwathu kuno. Joseph Marcell anabadwira pachilumba cha Saint Lucia mu 1948, n'kukulira ku London. Dziko linamudziwa kuyambira 1990 mpaka 1996 ngati Geoffrey, wantchito wa m'nyumba m'sewero la pa TV la ku America lotchedwa The Fresh Prince of Bel-Air. Mwini nkhani anali Will Smith; Marcell ankalowa, n'kuponya mawu awiri atatu, n'kutuluka. Komatu asanapite ku America anali atasewera kale ndi gulu lotchuka la zisudzo la ku England la Royal Shakespeare Company, ndipo sewero la pa TV lija litatha anabwerera pansanja. Mu 2013, ali ndi zaka pafupifupi 65, anasewera ndi gulu la Shakespeare's Globe mbali ya King Lear, yomwe ndi imodzi mwa mbali zolemera kwambiri zimene wosewera wa Chingerezi angapatsidwe. Kenaka anabwera ku Malawi kudzasewera mfumu ya ku Wimbe m'filimu ya Chiwetel Ejiofor yokamba za William Kamkwamba, yomwe inatuluka mu 2019. Mfumuyo sioneka nthawi yaitali. Koma amene anaonera filimuyo amakumbukira pomwe inaimirira pamsonkhano wa ndale, n'kunena poyera za njala, kenaka n'kumenyedwa. Pofika pamenepo bamboyu anali atagwira ntchito zaka zoposa 40. Mbali yaikulu inamupeza atakula, chifukwa anali akadali pantchito pomwe inkafuna munthu.

Apa ndi pomwe pali phindu lenileni la njira yanuyi. Mbali ya mtsikana wa m'chikondi ili ndi msinkhu wake, ndipo msinkhuwo ukadutsa amabwera wina wamng'ono. Ndaona atsikana aluso ndithu akusowa chochita atangodutsa zaka 30, chifukwa anazolowera kusewera munthu mmodzi yekha. Inu mukukulira kumene kuli mbali zanu. Zomwe mukuvutikira kunamizira lero, mawondo olema ndi mawu okhwima, zaka zidzakupatsani zokha, ndipo zidzapeza luso lili kale.

Tsono poti mbali zimenezi ndi zanu, zichiteni bwino kuposa wina aliyense. Achinyamata ambiri akauzidwa kuti asewere nkhalamba amapinda msana, n'kunjenjemeretsa manja ndi mawu, n'kuthira ufa kumutu, basi zatha. Ana amaseka, koma akuluakulu m'holomo amadziwa kuti akunamizidwa. Lawirirani mumsika waukulu wa Zomba, mukakhale pafupi ndi amayi achikulire ogulitsa matemba a ku Chilwa kapena ndiwo zamasamba, mugule kanthu, mucheze nawo, maso ali pantchito. Onani momwe amakhalira pansi: amayamba afufuza pogwira, amatsika ndi dzanja limodzi, miyendo n'kuitambasulira kutsogolo. Podzuka amadalira manja ndi mawondo, n'kuima kaye pang'ono msana usanawongoke, kenaka n'kumanganso chitenje. Nkhalamba siitaya mphamvu pachabe. Siitembenuza thupi lonse pomwe maso okha akwanira, ndipo siithamangira kuyankha. Imayamba yakuyang'ana, yameza malovu, kenaka n'kuyankha funso lina losiyana ndi lomwe wafunsa. Agogo ambiri akumudzi amalima, amatsika ndi mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri, ndipo akaitana mdzukulu mawu amamveka kutsidya. Kunjenjemera kuja n'kwa odwala. Ukalamba weniweni uli m'kapumidwe, m'mawondo, ndi m'kusafulumira kwa munthu amene waona zambiri. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito yathuyi mbali yake yaikulu ndi kudekha koteroko, kuyang'ana anthu mpaka uone zomwe ena saona.

Mukayang'anitsitsa mudzapezanso kuti agogo si amodzi. Mayi amene anapuma ntchito ya uphunzitsi ku Domasi amakhala pampando msana uli chilili, ndipo amakonza Chichewa cha adzukulu ake. Mayi wa Mvano ali ndi kayendedwe kake akavala yunifolomu, kosiyana ndi ka tsiku lolima. Gogo wa Chisilamu wa ku Songani ali ndi malonje ake ndi kafundidwe kake ka nsalu. Ngati m'masewero asanu mwasewera gogo mmodzimodziyo, vuto silili kwa wowongolera yekha. Khalani ndi kabuku, muzilembamo zomwe mwaona: kaseko ka wina, momwe wina amamangira ndalama kunsonga ya chitenje, mwambi womwe wina amakonda kubwereza. Tsiku lopatsidwa mbali mudzakhala ndi poyambira.

Za apongozi ndiye ndili nazo zambiri mumtima, chifukwa mbali imeneyi taiwononga tokha. M'masewero athu ambiri apongozi ndi mfiti chabe: kulalata, kutukwana, kugwira m'chiuno, kuthamangitsa mwana wa eni. Oonerera amakuwa, koma akafika kunyumba aiwala. Palibe munthu amene amadzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndikhale woipa. Aliyense ali ndi chifukwa chimene kwa iye n'chomveka, ndipo ntchito yanu ndi kuchipeza ngakhale wolemba sanachilembe. Kuno kwathu kwa chikamwini, mayi amene akuvutitsa mkamwini mwina munda wake ndi waung'ono ndipo pakamwa pachuluka. Mwina mkamwini woyamba anapita ku Joni osabweranso, n'kumusiyira adzukulu atatu, ndiye aliyense wobwera amamuona ngati wodutsa. Mayi wa m'tauni amene akulimbana ndi mkazi wa mwana wake mwina anamuphunzitsa mwanayo ndi ndalama za mandasi, ndipo akuopa kuti ukalamba umupeza yekha. Mukagwira mantha amenewo, mawu omwewo olalata amatuluka mwina, ndipo mayi wina m'holomo amadziona yekha n'kukhala chete. Kumbukiraninso mwambo wathu: mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana, sayang'anana m'maso, sakhalirana pafupi. Ndiye mkwiyo wa apongozi enieni kawirikawiri umadutsira pambali. Amakalipira mwana, amakalipira nkhuku zomwe zikudya chimanga cha eni osagwira ntchito, mkamwini ali pakhonde akumva zonse. Sewerani zimenezo tsiku lina, mudzaone momwe holo imachitira.

Chenjeraninso ndi kalankhulidwe. Mu Zomba muno timamva Chichewa chokhala ndi kamvekedwe ka Chiyao, ka Chilomwe, ndi ka anzathu ochokera kumpoto, ndipo wosewera wa mbali ngati zanu adzapemphedwa kutsanzira. Ngati munthu wa m'sewerolo ndi wochokeradi kumeneko, phunzirani kwa mwini chilankhulo, mumufunse ngati mwakhoza. Koma ngati kamvekedweko akukafuna kuti anthu aseke mtundu wa anzawo, kanani. Kuseka kotero n'kotchipa, ndipo m'holo momwemo mumakhala ana a mtundu umenewo.

Pali chiyeso china chimene chimagwera anthu aluso ngati inu. Mukaona kuti anthu akuseka, mtima umafuna kuwonjezera, kutalikitsa, kuchita kanthu kumbuyo pomwe mnzanu akulankhula mawu ofunika. Magulu athu ambiri sasewera motsatira pepala liwu ndi liwu, ndiye mpata wotere umapezeka nthawi zonse. Mukatero mwapambana usiku umodzi, koma sewero lagwa, ndipo anzanu sadzafunanso kuima nanu pansanja. Amene amaitanidwa kawirikawiri ndi amene amafika pa nthawi yake, mawu ali kale kumutu, amamvetsera mnzake akamalankhula, ndipo amatuluka nthawi yotuluka ikakwana. Owongolera timauzana za anthu otere. Dziko lathu la zisudzo ndi laling'ono, ndipo mbiri ya munthu imafika ku Blantyre ndi ku Lilongwe mwini wake asanakwere minibasi.

Popeza gulu lanu layamba kujambula, tikambeko za kamera. Mu Great Hall, holo yaikulu ya ku Chanco, mawu anu ayenera kukafika kwa munthu wa pamzere womaliza, ndipo dzanja likakwera liyenera kuoneka patali. Kamera imakhala pafupi, maikolofoni imatola ngakhale mpweya, choncho zonse zomwe zimakuthandizani pansanja zimasanduka phokoso. Pamaso pa kamera ganizani chabe zomwe munthuyo akuganiza, maso adzanena okha. Musaleke kusewera mnzanu akamalankhula, chifukwa wolumikiza zithunzi amafunafuna nkhope yomwe ikumvetsera, ndipo nthawi zambiri ndi pamenepo pomwe wa mbali yaifupi amaonekera. Chigawo chimodzi amachijambula kangapo kuchokera mbali zosiyana, ndiye ngati kapu munaigwira ndi dzanja lamanja ponena mawu akuti, muigwirenso chimodzimodzi ulendo uliwonse. Duku likhale momwe linalili, chitenje chimangidwe mbali yomweyo. Sajambulanso motsatira ndondomeko ya nkhani. Mukhoza kuyamba ndi maliro m'mawa, ukwati wa munthu yemweyo masana, choncho lembani papepala lanu komwe munthu wanu akuchokera ndi zomwe akudziwa pofika chigawo chilichonse. Ndipo phunzirani kudikira, chifukwa tsiku lojambula nthawi yambiri imathera pansi pa mtengo.

Ndikuuzeninso chilungamo: ufa wa kumutu umene umagwira ntchito m'holo, kamera imauona kuti ndi ufa. Wojambula filimu wosamala adzafuna mayi wachikulire weniweni pa mbali ya agogo. Choncho m'mafilimu, pa msinkhu wanuwu, yembekezani mbali ya namwino, wapolisi, azakhali, wogulitsa pamsika, mlembi wa kukhoti, mnzake wa mwini nkhani. Filimu iliyonse ili ndi mwini nkhani mmodzi kapena awiri, koma anthu oterewa imafuna ambiri. Mafilimu a Shemu Joyah, ndi mphoto yomwe Joyce Mhango Chavula analandira ku Nigeria mu 2016, zinaonetsa kuti ntchito ya kuno ikhoza kuima pakati pa anzathu a mu Africa. Zambiri zimachitikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe, koma Blantyre ili pafupifupi makilomita 70 kuchokera kuno, ulendo woti mupite m'mawa n'kubwerako madzulo.

Tsopano za ndalama, poti ndikudziwa kuti pansi pa funso lanu pali funso limeneli, ndipo mwina ndi lomwe makolo akukufunsani. Ndi ochepa kwambiri m'Malawi muno amene amadya za zisudzo zokha, kaya amasewera mbali zazikulu kaya zazing'ono. Du Chisiza Jr atayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987 anaonetsa kuti gulu likhoza kuyenda dziko lonse anthu n'kumalipira pakhomo, ndipo atamwalira mu 1999 Gertrude Kamkwatira anapitiriza mwambo umenewo, mpaka anayambitsa gulu lake la Wanna-Do, asanamwalire mu 2006. Koma aliyense amene wagawanapo ndalama za pakhomo amadziwa momwe zimakhalira: mulipire holo, mulipire galimoto, mulipire zokuzira mawu ndi zolengeza, chotsala ndiye mugawane. Mvula ikagwa kapena kukakhala mpira waukulu tsiku lomwelo, mumabwerera ndi ya thiransipoti yokha. Ngati muli pantchito, kapena muli ndi kabizinesi, kapena mukuphunzira, musasiye. Zisudzo ziyende limodzi ndi zimenezo mpaka zitayamba kulipira lendi zokha kwa miyezi yambiri yotsatizana.

Komabe pa ndalama zochepa zomwe zilipozo, munthu wotha kusintha ndi amene amapeza kawirikawiri. Mabungwe akafuna sewero la zaumoyo kapena la zaulimi kumidzi, galimoto imakhala imodzi ndipo alawansi ndi yowerengeka, ndiye amatenga amene angasewere anthu atatu m'sewero limodzi. Pa wailesi, kauthenga ka mphindi imodzi kangafune mayi, mwana ndi gogo, ndipo amene ali ndi mawu onse atatuwo wapeza ntchito. Palinso malonda a pa wailesi ndi pa TV, ndi kuyendetsa mwambo pa zinkhoswe ndi maukwati, komwe kudziwa kuwerenga gulu la anthu kumalipira ndithu.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musagwire ntchito yolipidwa popanda kulemberana. Ndinaonapo achinyamata a gulu lina akujambulidwa uthenga wa bungwe lina, n'kupatsidwa ya tsiku limodzi, koma nkhope zawo zinakhala zikuoneka pa TV kwa nthawi yaitali popanda kuwonjezeredwa kanthu, ndipo analibe pogwira chifukwa zonse anapangana pakamwa. Musanayambe funsani kuti mulandira zingati, liti, ntchitoyo ikaonetsedwa kuti ndipo kwa nthawi yaitali bwanji, komanso ngati dzina lanu lilembedwa kumapeto. Ngakhale uthenga wa pa WhatsApp ndi umboni woposa mawu apakamwa. Za timafilimu ta pa YouTube kambiranani pagulu, ndalama zisanayambe kubwera, kuti tsambalo ndi la ndani ndipo zikadzabwera mudzagawana bwanji; magulu ambiri amasweka pa nkhani imeneyi. Bungwe la COSOMA lilipo pa nkhani za umwini wa ntchito zaluso, ndipo n'kwabwino kulidziwa vuto lisanafike.

Ndanena zokoma zambiri, koma dandaulo lanu sindikulitaya. Pali kusiyana pakati pa wowongolera amene amakupatsani mbali zovuta chifukwa amakudalirani, ndi amene anakuikani m'bokosi chifukwa cha maonekedwe. Mudzamudziwa ndi zochita zake. Wokudalirani amakupatsani anthu osiyanasiyana, amakhala nanu pansi kukambirana za munthu amene mukusewerayo, ndipo amakudzudzulani mukachita ulesi. Winayo amangoti inu mukudziwa kale, chitani zija munachita ulendo watha. Ndipo ngati nthabwala ya mbali yanu nthawi zonse ili pa thupi lanu, pa kunenepa, pa khungu, pa mano, dziwani kuti akugwiritsa ntchito inuyo osati luso lanu, ndipo muli ndi ufulu wokana. Tisabisenso: alipo amuna ena m'ntchito imeneyi amene amagawa mbali zazikulu pofuna thupi la mtsikana. Wina akadzakuuzani kuti mubwere nokha usiku kuti mukambirane za mbali, musapite, ndipo muuze mayi wamkulu wa m'gulu kapena munthu wina amene mumamukhulupirira. Mbali yopezeka mwa njira imeneyo imakudyani moyo wonse.

Dziwaninso kuti mbali ikakoma kwambiri imamatirira. Michael Usi anasewera Manganya mpaka dzinalo linaphimba lake lenileni, ndipo ngakhale atakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, anthu m'misika ankamutchulabe Manganya. Kwa iye dzinalo linatsekula makomo, koma kwa ambiri limatseka, chifukwa owongolera amaleka kukuona ngati munthu wotha kusewera china. Anthu enanso salekanitsa sewero ndi moyo. Mukasewera bwino apongozi ankhanza, tsiku lina mu minibasi ya ku Matawale mayi wina adzakudzudzulani ngati munazunzadi mwana wa eni. Muyankheni mwaulemu, koma akwanu, akumpingo ndi amene adzakufunsireni banja muwafotokozere msanga kuti ntchito yanu ndi yotani, asadzamve kwa ena.

Kulakalaka mbali yaikulu si tchimo, ndipo sindikukuuzani kuti mukhale pomwe akuikani mpaka kalekale. Koma m'malo molimbirana mbali ya mtsikana wa m'chikondi, dzifunseni chifukwa chake masewero athu ambiri sayika mayi wa pamsika kapena gogo wolera ana amasiye pakati pa nkhani, chonsecho ndi anthu otere amene asenza mabanja ambiri mu Zomba muno. Lembani sewero lotero nokha, kapena pezani mnzanu wolemba, la anthu awiri kapena atatu, losafuna katundu wambiri, loti likhoza kuseweredwa m'kalasi kapena pansi pa mtengo. Pamenepo mwini nkhani mudzakhala inu, ndipo palibe mtsikana wina m'gulu lanu amene angakulandeni. Muzipitanso kukaonera masewero a ophunzira a ku Chanco akalengeza, ku Little Theatre kapena ku Great Hall, ndi mipikisano ya masukulu monga ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi. Kuonera ena ndi sukulu, ndipo ndi kumene mumakumana ndi anthu amene mawa adzafune wosewera.

Sabata ino chitani ziwiri. Pezani nthawi yoti mulankhule ndi wowongolera wanu pambali, osati pakati pa pulakatisi, mumuuze kuti mbali za amayi achikulire mukuzikonda ndipo mupitiriza, koma m'sewero lotsatira mukupempha munthu wa msinkhu wanu wosiyana kotheratu ndi amene mwasewerapo, ngakhale akhale wa chigawo chimodzi. Yankho lake lidzakuuzani ngati mukhale m'gululo kapena muyambe kuyang'ana kwina. Kenaka bwerekani foni ya kamera yabwino, muiike pamalo okhazikika moyang'anana nanu, kuwala kwa pawindo kukugwereni kumaso, m'mawa kusanayambe phokoso. Jambulani anthu atatu osiyana, aliyense mphindi imodzi: gogo, namwino wotopa kumapeto kwa ntchito ya usiku, ndi mtsikana wa msinkhu wanu amene akubisa nkhani kwa mayi ake. Musavale zambiri, duku limodzi ndi chitenje zikwanira. Kavidiyo kameneko kasungeni pafoni ndi pa imelo, kuti opanga mafilimu akalengeza odishoni pa Facebook muzikatumiza tsiku lomwelo.